Injini Yatsopano ya Mayi Aang'ono

9 Malichi

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndi maulendo ako osathawo. Ife kuno tilipo. Alamu ako akudandaula msana monga mwa masiku onse, ana ali kusukulu, ine ndikadali pansi pa magalimoto a anthu. Amene atipatsa maganizo ndi bambo, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba.

Bwalo la ndege lija lagulitsidwa. Akuti amangapo nyumba. Kalata yafika sabata yatha: pofika pa 31 Ogasiti shedi ikhale yopanda kanthu, chifukwa tsiku lotsatira mathirakitala ayamba kukumba. Ndipo ukudziwa amene ali m'shedimo. Mayi aang'ono.

Usaseke, dzinalo anapereka ndi malemu amayi, pamene ankati bambo ali ndi akazi awiri, wa kunyumba ndi wa mapiko ansalu, koma wopukutidwa tsiku lililonse ndi wa mapikoyo. Chiwasiyireni kandegeko eni bwalo, pothokoza zaka makumi anayi zimene anawakonzera ndege, sikanaulukepo. Nsalu ya mapiko anasintha okha zaka zitatu zapitazo. Matayala amapopa Loweruka lililonse ngati pali kopita. Koma injini inatha. Ine ndine makaniko wa galimoto chabe, monga amandikumbutsira kawirikawiri, komabe injini yakufa ndimaidziwa. Zipangizo zake anasiya kupanga ife tisanabadwe.

Ogula zitsulo zakale abwera kale kawiri. Wina anagogoda phiko ndi chala n'kufunsa kuti mkatimo muli chitsulo chochuluka bwanji. Bambo anamupirikitsa ndi tsache.

Dzulo tikumwa tiyi anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Akuti sanakwerepo ndege, ngakhale kamodzi. Ndinati, "Bambo, mukunama. Zaka zonse zija?" Anati, "Wokonza amatsala pansi. Ankangoti mawa, mawa, mpaka ndinakalamba." Kenako anati, "Umulembere woyendetsa ndege wathu uja. Sindikupempha zambiri. Andikweze kamodzi mwa Mayi aang'ono asanawadule."

Ndiye ndakulembera. Mtima wawo suli bwino, ndipo adokotala anawaletsa maulendo aatali. Basi ya masiku awiri yobwera kwanuko sangaithe. Ngati n'kuuluka, aulukire pano, Ogasiti asanathe.

Uyankhe msanga.

Ndine mlongo wako.

28 Malichi

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Kalata yanu ndaipeza pansi pa chitseko nditabwerako kumidzi kumene timakatula mankhwala. Ndaiwerenga chiimirire, nsapato ndisanavule. Ine ndanyamula m'ndege mabokosi a katemera, mbuzi, ngakhale maliro, koma bambo anga ayi. Ndachita manyazi.

Ndafufuza, ndipo injini yapezeka. Kutsidya kwa malire kuli mkulu wina amene ndege yake inagweredwa ndi denga la shedi nthawi ya mphepo. Mapiko anathyoka koma injini ili bwinobwino, ndipo sinagwire ntchito kwambiri. Ndi yatsopano poyerekeza ndi yathuyo, ndi yamphamvu kuposa, ndiponso ili ndi sitata. Zopukusa pulopela ndi manja zatha. Ikubwera ndi chitsulo chake choikhazikapo komanso mapepala ovomereza kuti ingaikidwe pa ndege ya mtundu wa Mayi aang'ono. Kungoti ndi yolemerako, choncho batire mudzaika kumbuyo kwa mipando kuti mphuno isalemere.

Tsono mvetsani bwino apa. Ndalankhula ndi woyendera ndege wa boma. Lamulo n'lakuti ndege ikasinthidwa injini, maola khumi oyamba woyendetsa amauluka yekha, osanyamula munthu. Bambo akulidziwa lamuloli kuposa ine. Choncho ntchito ithe pakati pa Julayi. Ndidzatenga tchuthi, ndidzauluka maola khumiwo pang'onopang'ono, kenako bambo adzakhala pa mpando wakutsogolo, ine kumbuyo, tidzazungulira pamwamba pa mudzi. Ndikadzawatsitsa, ndegeyo ndidzabwera nayo kuno. Pabwalo laling'ono pamene ndimaphunzitsa anthu kuuluka andilonjeza malo m'shedi.

Mkulu uja ali ndi pulopela yake ya injiniyo, yachitsulo. Vuto n'lakuti ndi yaitali, siilowa m'bokosi, ifunika galimoto ina ndi mapepala ena pamalire. Muwafunse bambo ngati nditenge.

Muwauze kuti adye, ndipo asakwere makwerero okha.

Ndine mlongo wanu.

11 Epulo

Mlongo wanga,

Tonse tili bwino. Kalata yako ndinawawerengera bambo kawiri, chifukwa makutu aja anatha ndi phokoso la injini ndipo ndimachita kukuwa. Ndinaganiza kuti avina. Iwo anangoti, "Sitata? Ndege ya alesi imeneyo." Koma m'mawa mwake ndinawapeza atavala kale ovolosi, ine ndisanasambe n'komwe.

Adokotala ndinawafunsa. Akuti mphindi makumi awiri m'mwamba sizingawavulaze kuposa mmene akudzivulazira poganiza.

Za pulopela, ukuikumbukira ija yamtengo imene yakhala pakhoma pabalaza kuyambira tili ana, imene amayi ankapachikapo chipewa chawo? Aitsitsa. Akuti siinagwirepo ntchito, ndipo inapangidwira ndege ina yamphamvu kuposa Mayi aang'ono, choncho injini yakoyo ingaikwane. Akuti chitsulo pamphuno pa Mayi aang'ono n'chimodzimodzi kuveka nkhalamba nsapato zampira. Koma andipatsa mafunso awiri, ndipo anaima pambuyo panga kuti ndilembe mmene anenera. Loyamba: mabowo a mabawuti ndi angati, ndipo atalikirana bwanji? Lachiwiri: injiniyo imazungulira kumanja kapena kumanzere? Akuti ngati mabowo ali asanu ndi limodzi ndipo imazungulira kumanja, yachitsuloyo uisiye komweko.

Utitumizireko zithunzi za injiniyo ngati zilipo. Ine ndiye ndidzanyamula, ndiyenera kudziwa kukula kwa mdani wanga.

Mlongo wako.

25 Epulo

Achimwene,

Ndikulemba ndili pabwalo, tikunyamuka posachedwa. Mabowo ndi asanu ndi limodzi, miyeso ili pa kapepala ndaikamoka. Imazungulira kumanja, monga injini zonse zimene ndimayendetsa. Ya chitsuloyo ndaisiya. Zithunzi ndilibe. Bokosi linyamuka sabata yamawa, muliyembekezere pakati pa Meyi.

Moni kwa bambo. Muwauze kuti alesi nawonso amafika.

Mlongo wanu.

30 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Meyi watha, bokosi lako silinafike. Ndapita kwa a malole kanayi. Akuti lili pamalire, pakusowa chidindo cha munthu amene ali patchuthi. Ngati uli ndi wina woti angalankhule nawo, lankhula naye.

Injini yakale tinatsitsa ndi tcheni chokwezera injini za magalimoto. Bambo anaiphimba ndi bulangete la amayi, sindinafunse chifukwa. Mayi aang'ono tsopano ali chiimire opanda mphuno, mawaya ali lendelende.

Galaja ndimatseka masana tsiku lililonse kuti ndiwaperekeze kushedi, chifukwa okha sangayende mtunda umenewo. Makasitomala ena ayamba kupita kwa mnzanga wa kuseri. Sindikudandaula, ndikungokuuza, poti kumeneko zimenezi sizioneka.

Bambo moyo wawo wonse uli pa pulopela. Vanishi wakale anamupala yense ndi sandipepa, pang'onopang'ono, masabata awiri. Tsopano akupaka watsopano. Akapaka amadikira masiku atatu, n'kupalanso, n'kupakanso. Afika kachisanu ndi kawiri. Kenako amalowetsa kachitsulo pabowo lapakati, n'kuikhazika pa mipeni iwiri imene anaimika pathebulo, kuti aone mbali yolemera. Mbali ikatsika, amadontheza vanishi pang'ono mbali inayo. Zitseko zonse zimatsekedwa, ndipo ine ndimaletsedwa kupuma pafupi. Dzana inaima chopingasa osagwedezeka. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Imeneyi ndiye indinyamule." Sindinawaonepo akusangalala chonchi chimwalirireni amayi.

Kunja anthu oyeza malo ayamba kukhoma zikhomo zofiira m'mbali mwa msewu wa ndege. Ndinawapempha kuti pakati pasakhomedwe kanthu mpaka Ogasiti atathe. Anavomera, koma akuseka.

Ndatopa, mlongo wanga. Lemba.

Mlongo wako.

4 Julayi

Mlongo wanga,

Sindifunsa za moyo, ndilowe m'nkhani. Bokosi lafika dzulo. Injini ndi yokongola, palibe chothyoka. Koma pulopela ya bambo siigwira ntchito.

Titatsegula, bambo anayeza mabowo. Anakwana ndendende. Kenako anandiuza kuti ndichotse mapulagi ndi chivindikiro chimodzi. Anagwira kutsogolo kwa injini n'kuzunguza pang'onopang'ono, maso ali pa mavavu mmene akutsegukira. Anazunguza kawiri. Anabwereza kachitatu. Atatero anapukuta manja, n'kukhala pansi pa bokosi lomwelo.

Ndinati, "Bambo, kwagwanji?"

Anati, "Imazungulira kumanzere."

Ndinati, "Koma mwana wanu analemba kuti kumanja."

Anati, "Kumanja kwa munthu wokhala mkati. Ine ndinafunsa kumanja kwa munthu woima kutsogolo."

Wamva? Iwe ukamanena mbali umakhala pampando, pulopela ili patsogolo pako. Iwo zaka makumi anayi akhala akuima kutsogolo kwa ndege, maso ali kwa woyendetsa, manja ali pa pulopela. Kumanja kwawo ndi kumanzere kwako. Injini yakale ija ndi ya mtundu wozungulira mosiyana ndi za masiku ano, ndipo pulopela yamtengoyo inasemedwera mbali imeneyo. Titaimanga pa injini yakoyi, mphepo ingapite kutsogolo, ndege n'kumabwerera chammbuyo kulowa m'shedi.

Ine amene ndinalemba funsolo sindinaganizepo n'komwe. Pa galimoto palibe amene amafunsa zimenezi.

Bambo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakulunga pulopela ija m'nsalu, n'kundipempha kuti ndiibwezere pakhoma. Madzulo sanadye.

Lero tayamba kukweza injini, poti palibe china chochita. Tumiza pulopela yachitsulo ija mwamsanga. Masiku otsala uwawerenge wekha.

Mlongo wako.

26 Julayi

Mlongo wanga,

Masabata atatu, osayankha. Tchuthi chija unati pakati pa Julayi, ndipo Julayi akutha. Ngati wakwiya chifukwa ndinalemba ngati wolakwa ndiwe, kwiya ndi ine, koma bambo asafere pakati pa ife awiri. Kapena mwina waona kuti nkhaniyi yakula, waisiya m'manja mwa ife a pansi. N'zosavuta kulonjeza zinthu uli kutali.

Injini takhazika. Mapaipi a mafuta alumikizidwa, batire lili kumbuyo kwa mipando monga unanenera. Chivindikiro cha mphuno sichinakwane, ndachita kuchikulitsa ndi manja anga, ndipo kwa nthawi yoyamba bambo anayang'ana ntchito yanga n'kunena kuti, "Sizoipa." Ndinasowa woti ndimuuze.

Koma injini yopanda pulopela sitingailize. Bambo amangokhala pa mpando pakhomo la shedi, kuyang'ana kumsewu. Galimoto iliyonse yaitali ikadutsa amaimirira. Miyendo yayamba kutupa. Wogula zitsulo uja anabweranso Lachiwiri, ndipo ulendo uno tsache silinagwiridwe. Anangomuuza kuti, "Mubwere pa 1 Sepitembala."

Ngati sukubwera, nena, ndiwauze zoona.

Mlongo wako.

9 Ogasiti

Achimwene,

Makalata anu onse awiri ndawapeza limodzi Lachisanu lapitali. Sindinakwiye, ndipo sindinathawe. Kumidzi ina kunabuka matenda otsegula m'mimba, tchuthi cha aliyense chinaimitsidwa, ndipo milungu isanu ndakhala ndikugona m'tenti pambali pa ndege. Ndinakulemberani kapepala ndili kumeneko n'kupatsa dalaivala wina. Ndikuona kuti kakadali m'thumba mwake.

Mawu anu oti n'zosavuta kulonjeza uli kutali andipweteka, chifukwa ndi oona. Inu ndi amene mwanyamula zonse, ine ndangotumiza bokosi ndi yankho lolakwika. Kusukulu anatiphunzitsa kuti injini zina zakale zimazungulira mosiyana. Ndinalemba mayeso, ndinakhoza. Koma tsiku limene bambo anga anandifunsa, ndinayankha mothamanga, cholembera chili pabondo, osadzifunsa kuti wofunsayo waima pati.

Pulopela ija mkulu uja anali atagulitsa kale kwa munthu wopopera mankhwala m'minda. Ndayenda masiku atatu kumusaka. Ndamupeza, ndamuchonderera, wavomera. Za malole sindikufunanso kumva. Ndikaitenga ndekha, ndidzaoloka nayo malire ndekha, ndipo ndidzabwera nayo pa denga la basi. Mapepala akuti atuluka pa 24. Ndifika pa 27. Woyendera ndege ndamupempha abwere pa 29.

Ndawerenga masiku ngati mmene mwawerengera inu. Maola khumi m'masiku awiri, pa injini yongoikidwa kumene, ndi ovuta. Koma musawauze bambo kanthu. Ndikubwera, tikaonera komweko.

Mundidikire pa siteji ndi chingwe ndi anthu awiri amphamvu.

Mlongo wanu.

6 Sepitembala

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Ndalemba ndekha, ukhululuke zilembo zokhota. Mlongo wako sakundilankhula bwino masiku ano, ndiye sindinafune kumuvutitsa.

Uthenga woti unafika bwino ndi Mayi aang'ono tinalandira. Ndathokoza. Ine ndilipo, miyendo yokha.

Unachoka ukulira, ndipo pa phokoso lija sindinathe kukuyankha bwino. Ndiye ndikuyankhe pano.

Woyendera ndege uja sanalakwe pofika pa 30 madzulo m'malo mwa 29. Anthu a ntchito imeneyo amakhala ndi mabwalo ambiri. Iwenso sunalakwe pouluka maola atatu okha m'mawa wa pa 31. Ndine ndinkakuimitsa ukatera kulikonse, kuti injini izizire, nditsegule, ndione oyilo ndi mabawuti. Ndinkaona mlongo wako akuyang'ana wotchi. Ndinkadziwa kuti chimene ndikudya ndi nthawi yanga yomwe. Koma injini yatsopano simuithamangitsa chifukwa nkhalamba ili ndi changu.

Pamene unatsika n'kundigwira dzanja, n'kunena kuti, "Bambo, woyendera uja wapita, palibe atione, kwerani mphindi khumi zokha," usaganize kuti sindinafune. Phazi langa linafika pa chopondera. Unaliona. Mpando wakutsogolo uja ndinausoka ndekha, ndipo ndinayeza kutalika kwake ndi miyendo yanga.

Koma mwana wanga, zaka makumi anayi ndakhala ndikutsitsa anthu pa mpando umenewo. Ndinatsitsapo mkazi wa bwana wanga, atavala kale chipewa, chifukwa maola anali asanu ndi atatu osati khumi. Anandida chaka chathunthu. Tsono ine ndikwere pa maola atatu, chifukwa woyendetsa ndi mwana wanga? Zikanadziwika, chiphaso cholandidwa chikanakhala chako, ndipo kumidzi kuja akanadikira mankhwala. Injini ikanatsokomola pamwamba pa mitengo ija, ukanakhala ndi zinthu ziwiri zoganiza, ndege ndi bambo ako. Woyendetsa amayenera kukhala ndi chimodzi.

Mlongo wako akuti ndine wouma mutu, ndataya miyezi isanu ndi umodzi ya moyo wake. Mwina akunena zoona. Umulembere, umuthokoze. Chivindikiro chija anachipanga bwino kuposa mmene ndikanapangira ine, koma ndikamuuza ndekha aganiza kuti ndikufa.

Za mbali ija usadzizunze nazo. Funso linali langa, ndipo ndinalifunsa moperewera. Wophunzira wanga akanafunsa choncho ndikanamubweza.

Injiniyo ndi yabwino. Makutu angawa samva zambiri, koma ndinaika dzanja pa phiko pamene unailiza, ndipo inkayenda mosalala. Unanyamuka usanafike n'komwe pa theka la msewu. Yakale ija inkafuna msewu wonse ndi pemphero. Sitata nayonso ndaivomera. Pakatha maola makumi awiri ndi asanu usinthe oyilo, ndipo mabawuti a pulopela uwaonenso. Usamusiyire wina, uime pomwepo.

Mathirakitala anabwera pa 1 monga ananenera. Pofika masana msewu wa ndege unali ngati munda. Wogula zitsulo anapeza shedi yopanda kanthu, ndinamupatsa injini yakale kuti asabwerere chimanjamanja. Bulangete ndinatenga.

Ndinamva chisoni, sindikubisa. Ndikumvabe. M'mawa ndimadzuka, ndimavala ovolosi, kenako ndimakumbukira.

Tsono ndili ndi pempho limodzi, ndipo ili lilibe tsiku lomalizira. Ukapeza nthawi, ukhale pansi, osati pabwalo, osati cholembera chili pabondo. Undilembere zonse zimene unaona tsiku lija, kuyambira pamene matayala anasiya udzu. Thupi limamva bwanji. Denga la nyumba yathu likuoneka bwanji, mtsinje umakhota kangati usanafike pa mlatho, manda a amayi ako amaoneka kapena mitengo imaphimba. Usadumphe kanthu poganiza kuti n'zazing'ono.

Ndipo undiuze zoona pa ichi. Pamene unazungulira komaliza, ndinaima pakati pa msewu n'kukweza dzanja. Ndakhala ndikukwezera dzanja ndege iliyonse imene ndinakonza, ndipo sindinafunsepo woyendetsa ndi mmodzi yemwe. Kodi kumwambako munthu woima pansi amaoneka?

Ndine bambo ako.